Bondo la Twaibu

Ndinalipira mazana atatu pakhomo la vidiyo ya a Likoswe ku Chinamwali,
mzimayi ndekha pakati pa anyamata a kabaza.
Dengu la nthochi ndinalisiya panja ndi mwana wa eni.
Anati, lero wanu atuluka pa kanema, mayi, khalani kutsogolo.

Ndinamuzindikira asanaonetse nkhope:
phazi lamanzere lopondera m'kati,
lomwe linkadya nsapato mbali imodzi ali ku Mponda.
Mpweya ukutuluka m'kamwa mwake ngati utsi wa mbaula.

Wenzulo inalira. Mpira palibe anaukhudza.
Twaibu wanga anagwada.
Bondo limodzi pansi, mutu wowerama, nkhonya m'mwamba.

Ndinatsala pang'ono kukuwa: iwe, ukugwadira yani?
Kwathu bondo ndi la apongozi,
la popereka madzi kwa mlendo,
la popepesa ukaswa mbale ya eni.
Walakwira ndani kutali konseko?

Bwalo la m'kanemamo linayamba kuwowoza.
Mnyamata wa pambali panga, Ajibu, anandinong'oneza:
sabata yatha anamuponyera nthochi, mayi,
akulira ngati anyani akagwira mpira.
Sanakuuzeni?

Sanandiuze.
Pa foni amangoti kuno kukuzizira, ndalama zafika?

Nthochi.
Ine mwanayu ndinamulera ndi nthochi.
Sukali, makumbuka, zoola pang'ono tinkadya tokha.
Ndinkazisenza kuchokera ku Thondwe tambala asanalire,
khosi langa likudziwa kulemera kwa mkoko uliwonse.
Jombo zake zoyamba za pa kaunjika zinadya mikoko isanu,
ndipo zinali zazikulu, tinkaikamo nyuzi.
Anyani enieniwo ndimawadziwa, a pamsewu wokwera ku Chawe.
Amaba, inde, amandithamangitsa ndi dengu,
koma sindinaonepo nyani akutaya chakudya kuti anyoze mnzake.

Apo ndinakumbuka bambo anga.
Ankatola timipira ta azungu ku Jimukana,
kulowera khomo la kuseri,
imvi zili mbuu koma dzina lawo boyi.
Iwo ankagwada mawondo onse awiri
pomanga zingwe za nsapato za bwana.
Madzulo ankatikita mawondowo ndi mafuta a nsatsi
osanena kanthu.
Mdzukulu wawo wagwada limodzi lokha,
linalo laima, lakonzeka kunyamuka,
ndipo palibe wamutuma.

Magetsi anathima.

Mumdimamo anyamata anayamba mkangano.
Wina ati zimathandiza chiyani, akadzuka khungu ndi lomwelo.
Wina ati amudula malipiro, muona.
Wina ati bola angomwetsa chigoli, pakamwa pawo patsekeka.
Ajibu ati anamwetsa chaka chatha, pakamwa panatsekeka?
A Likoswe akukoka chingwe cha jenereta, akutukwana petulo.
Ine chete, manja pa mawondo anga,
olimba ngati chikwatu cha ng'ombe
chifukwa cha simenti ya mumsika.

Chithunzi chitabwera anali akuthamanga kale,
banga la matope pa bondo lamanja.
Ndinasiya kutsata mpira. Ndinkatsata bangalo.
Linapita kukona, linagwa, linadzukanso,
wachizungu mnzake wa timu yomweyo analinso nalo,
ndinadabwa, sindinamuone pogwada.

Anagonja ziwiri kwa duu.
Sanamwetse.

Panja mwana uja anali atagulitsa zitatu, wadya imodzi.
Ndinasenza dengu kulowera ku Matawale,
phiri litafunda nkhungu mpaka m'chiuno.
Pamlatho wa Likangala sindidutsa, koma tsikulo ndinazungulira,
ndinkafuna njira yaitali.

Usiku foni inalira.
Amayi, kuno kukuzizira.
Ndinati ndinakuona.
Anakhala chete mpaka ndinaganiza kuti mayunitsi atha.
Ndinati matope aja usafulumire kuchapa.
Ndipo ikadzagwanso ina pamapazi pako,
uione bwino, undiuze mtundu wake,
ndikuuze mtengo.